Chigamulo chikafafanizidwa, mkaidi amadikira kuti mlandu wachiwiri: kunyumba kapena kundende?

LICHINGA — Uthenga ukafika pakhomo woti khoti lalikulu lafafaniza chigamulo, abale amayamba kusesa pabwalo ndi kuthamangira kuchigayo, poganiza kuti mkaidi wawo afika mawa. Mawalo limadutsa, sabata imatha, munthu akadali m'ndende. Apa mkwiyo umagwera loya, mlembi wa kukhoti kapena asilikali a ndende, ndipo sipalephera kupezeka wina wonong'oneza banjalo kuti pakufunika "kangachepe" kuti chitseko chitseguke. Nthawi zambiri palibe amene wabisa kalata. Khoti lafafaniza chigamulo, koma mlandu ulipobe, ndipo zoti munthuyo adikire kuzengedwanso ali kwawo kapena ali m'ndende ndi nkhani ina, yofuna kuti woweruza aigamule payokha.

Kwa alimi, nkhaniyi si yaing'ono. Apilo imadya nthawi, kuzenganso mlandu kumadya nthawi ina. Bambo amene wasowa pakhomo kuyambira mvula yobzalira ya Novembala mpaka kukolola kwa Meyi wataya chaka chathunthu cha chimanga, nyemba ndi kachewere, ngakhale khoti litadzamupeza wosalakwa pambuyo pake.

Malamulo oyendetsa zimenezi ali m'buku la kazengedwe ka milandu yaupandu, Código de Processo Penal, lomwe linakhazikitsidwa ndi Lei 25/2019 ya pa 26 Disembala 2019, n'kusinthidwa m'ndime zina ndi Lei 18/2020 ya pa 23 Disembala 2020. Bukuli linalowa m'malo mwa lakale la 1929, lija anasiya Apwitikizi. Pamwamba pake pali malamulo aakulu a dziko, Constituição da República ya 2004.

Mawu awiri a Chipwitikizi oyenera kuwasiyanitsa

Mlandu woweruzidwa ku khoti la distrito, kaya ku Mandimba, Ngauma, Mecanhelas kapena Lago, apilo yake imabwera ku Tribunal Judicial da Província do Niassa, ku Lichinga. Milandu ikuluikulu monga yakupha imayambira pa khoti la chigawoli, ndipo apilo yake imapita ku Tribunal Superior de Recurso ya ku Nampula. Pamwamba pa onse pali Tribunal Supremo ku Maputo. Mabwalo a m'midzi ndi m'mabairro, aja a tribunal comunitário, sali mumzere umenewu. Alibe mphamvu yotsekera munthu m'ndende, choncho alibenso belo yoti apereke.

Khoti la apilo likawerenga fayilo lingachite chimodzi mwa zinthu zitatu. Lingagwirizane ndi khoti loyamba, mwina n'kuchepetsako chilango. Lingapeze munthuyo wosalakwa, ndipo pachikalata pamalembedwa kuti absolvido. Pamenepo amatulutsidwa nthawi yomweyo, pokhapokha ngati pali mlandu wina womusungira m'ndende. Kapena lingaone kuti kuzenga koyamba kunali ndi chilema chachikulu, n'kulemba kuti anulado, n'kubweza fayilo kumunsi kuti mlandu umvedwenso, zimene amati novo julgamento. Pa foni, mawu onse awiriwa amafika kumudzi ngati "wawina apilo". Banja likafunsa loya kuti ndi liti mwa awiriwa lalembedwa, limadziwa msanga ngati likuyenera kukamuchingamira kapena kuyamba kusonkhanitsa mapepala.

Zilema zochititsa kuti mlandu ubwerezedwe n'zodziwika. Munthu anazengedwa popanda womuimira pamene lamulo limafuna kuti akhale naye. Anazengedwa iye kulibe, asanaitanidwe moyenera. Samva Chipwitikizi ndipo sanapatsidwe womasulira, chinthu chimene chingachitike mosavuta m'chigawo chimene anthu ambiri pakhomo amalankhula Chiyao, Chimakhuwa ndi Chinyanja. Nthawi zina chigamulo chimadzitsutsa chokha, kapena mfundo zimene khoti linati zatsimikizika n'zosakwanira kugamulirapo. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chikunena kuti munthuyo sanalakwe. Khoti lalikulu likungonena kuti njira yomupezera wolakwa inali yokhota ndipo iyenera kuyendedwanso.

Komabe kufafanizako kuli ndi mphamvu yake. Ndime 59 ya Constituição imati wozengedwa mlandu amatengedwa kuti ndi wosalakwa kufikira khoti litapereka chigamulo chomaliza. Munthu amene chigamulo chake chafafanizidwa sakugwira ukaidi. Ndi arguido, woganiziridwa chabe, monga analili mlandu usanamvedwe. Ngati akusungidwabe, ndiye kuti ali pa limandi, prisão preventiva, ndipo limandi ili ndi malamulo ake: imalamulidwa ndi woweruza, pa zifukwa zolembedwa, zimene loya angathe kuzitsutsa.

Ndime yomweyo imaletsa kuzenga munthu kawiri pa mlandu umodzi, ndipo ena amadabwa kuti nanga kubwerezaku kukuchokera pati. Chiletsocho chimateteza munthu amene mlandu wake unatheratu. Kuzenga kofafanizidwa kumatengedwa kuti sikunafike pamapeto, choncho kwachiwiriko n'kupitiriza mlandu womwe uja.

Belo ya ndalama si njira yokhayo

Mawu akuti belo, amene anthu a m'malire anazolowera kuwamva pa mawayilesi a ku Malawi, amaphimba zinthu zingapo zimene lamulo la Mozambique limazisiyanitsa. Lamuloli lili ndi njira zosiyanasiyana zogwirira munthu kuti asazembe mlandu, zotchedwa medidas de coacção, kuyambira yopepuka mpaka yolemera. Yopepuka kwambiri ndi termo de identidade e residência, imene kukhoti amangoti TIR. Munthu amasayina chikalata chonena dzina lake ndi kumene amakhala, n'kulonjeza kubwera nthawi iliyonse akaitanidwa, ndiponso kuti sasamuka kapena kuchoka panyumbapo masiku opitirira 5 osadziwitsa akuluakulu a mlanduwo kumene angapezeke. Salipira kalikonse.

Pamwamba pake pali caução, belo ya chikole. Woweruza yekha ndiye amaika caução. Wapolisi kapena wa SERNIC alibe mphamvu imeneyo, ndipo ndalama yoperekedwa m'manja kuseri kwa ofesi si caução ayi. Poika mtengo, woweruza amayenera kuyang'ana kukula kwa mlandu, zimene zinawonongeka, ndi mapezedwe a munthuyo. Mlimi wa mahekitala awiri sayenera kuikiridwa mtengo wofanana ndi wa mwini malole. Ngati sangakwanitse, loya angapemphe kuti mtengo utsike, kapena kuti caução ilowedwe m'malo ndi njira ina, monga kukaonekera kupolisi kapena kukhoti pa masiku oikika. Chikolecho chingakhale ndalama zosungitsa, katundu, kapena munthu womuikira kumbuyo amene khoti lamuvomereza. Ndalama zimalipidwa ndi chikalata cha kukhoti chotchedwa guia, ndipo lisiti yake ndi yofunika kuisunga ngati BI. Caução si chindapusa. Munthu akasunga malonjezo ake mpaka mlandu kutha, chikole chimabwerera. Akajomba kukhoti popanda chifukwa chomveka, chimapita ku boma, iyenso n'kuyamba kusakidwa.

Woweruza angathenso kuletsa munthu kutuluka m'dziko kapena m'dera, kumuletsa kukumana ndi mboni ndi wodandaula, kapena kumulamula kuti asachoke panyumba. Limandi ndiyo yomaliza, yoyenera kugwiritsidwa ntchito pokhapokha zinazo zikaoneka kuti n'zosakwanira. Pamafunika zizindikiro zamphamvu zoti munthuyo anachita mwadala mlandu wa chilango choposa zaka 2 za ndende. Pamafunikanso chimodzi mwa ziopsezo zimene lamulo latchula: kuti angathawe, kuti angasokoneze umboni kapena kuopseza mboni, kapena kuti angapitirize upanduwo n'kusokoneza mtendere wa anthu.

Kale sizinali choncho. Buku la 1929 linali ndi milandu imene belo inali yoletsedweratu, woweruza asanaone n'komwe nkhope ya munthu. Pa 17 Seputembala 2013, Conselho Constitucional, pa chigamulo 4/CC/2013, inayankha dandaulo la nzika 2,000 lotsogoleredwa ndi Alice Mabota wa Liga dos Direitos Humanos. Inati chiletso choterocho chikusemphana ndi Constituição, ndiponso kuti apolisi ndi oimira boma pa milandu sangalamule okha kuti munthu asungidwe pa limandi ngati sanamugwire akuchita mlanduwo. Kuyambira pamenepo, kukula kwa mlandu pakokha si yankho lokwanira. Mlandu waukulu umalemera pa sikelo, koma woweruza ayenerabe kunena chimene akuopa pa munthu ameneyu.

Zimene woweruza amayang'ana kachiwiri

Chitsanzo chongoyerekeza chingathandize. Mlimi wa ku Lulimile wakangana ndi mnzake pa malire a munda, ndewu yabuka, mnzakeyo wavulala kwambiri. Khoti loyamba lamupatsa zaka 4. Loya wachita apilo, ndipo patapita miyezi yambiri khoti lalikulu lafafaniza kuzengako chifukwa munthuyo samva Chipwitikizi ndipo panalibe womasulira. Chotsatira chimadalira kwambiri kumene mlimiyo anali nthawi yonseyi.

Ngati anali panja pa caução kapena pa TIR, ndipo anapitiriza kukhala panja apilo ili mkati, zinthu n'zosavuta. Apilo yotsutsa chigamulo cholanga munthu imaimitsa chilangocho, choncho malonjezo ake akale akugwirabe ntchito ndipo amadikira kuzengedwanso ali kwawo. Oimira boma angapemphe kuti njira isinthidwe, koma ayenera kuonetsa chimene chasintha. Munthu amene wakhala akufika kukhoti tsiku lililonse loitanidwa, ngakhale atamva kale kuti zaka 4 zikumudikira, ali ndi umboni wabwino koposa wakuti sathawa.

Ngati anali m'kati, chitseko sichitseguka chokha. Fayilo iyenera kubwerera kumene inachokera, ndipo ulendo wa mapepala kuchokera ku Nampula kapena ku Maputo si wa tsiku limodzi. Loya sayenera kudikira tsiku lozenga. Angalembe pempho loti limandi ichotsedwe kapena isinthidwe ndi njira yopepuka, ndipo lamulo limauza woweruza kuti aziunikanso limandi miyezi 3 iliyonse ngakhale popanda womupempha. Kunena zoona, fayilo imene palibe akuifunsa imagona pansi pa zinzake.

Pa pempholi mbali ziwiri zimakokana. Oimira boma, Ministério Público, anganene kuti munthuyo tsopano akudziwa kukula kwa chilango chimene angalandire, choncho chilakolako chothawa chakula. Akudziwanso mboni zonse ndi zimene zinanena, ndipo zina ndi anthu a m'bairro lomwelo. Loya angayankhe kuti umboni unasonkhanitsidwa kale ndipo uli m'fayilo, kuti munthuyo wakhala kale miyezi yambiri m'ndende, ndi kuti mantha a mboni angathe ndi lamulo loletsa kukumana nazo. Chifukwa chimene chigamulo chinafafanizidwira chimalowanso apa. Ngati chilema chinali cha ndondomeko, monga cha womasulira chija, zizindikiro zoti analakwa zidakali chilili. Koma ngati khoti lalikulu linati umboni unali wosakwanira kapena wodzitsutsa, ndiye kuti maziko enieni a limandi agwedezeka, ndipo pempho lili ndi miyendo yolimba.

Malire ali pafupi

Kwa anthu a ku Mandimba, Ngauma, Mecanhelas ndi m'mbali mwa nyanja, mawu ovuta kwambiri m'fayilo ndi perigo de fuga, chiopsezo chothawa. Munthu wa ku Mandimba amafika ku Chiponde ndi njinga yakapalasa. Wa ku Entre Lagos ali khomo ndi khomo ndi Nayuchi. Wa ku Cóbuè amachiona chilumba cha Likoma ndi maso. Ambiri ali ndi amalume, akuchikazi kapena manda a makolo kutsidya, ndipo kuoloka malire ndi moyo wa tsiku ndi tsiku, wa kumsika, kuchipatala ndi kumaliro. Woweruza amazidziwa zimenezi, ndipo woimira boma sangalephere kuzitchula.

Kukhala pafupi ndi malire pakokha si mlandu, ndipo sikuyenera kukhala chifukwa chotsekera aliyense wa m'madera amenewa. Koma banja liyenera kupatsa loya zinthu zogwirika zoonetsa kuti mizu ya munthuyo ili mbali ino: BI kapena chikalata cha kubadwa, kalata ya secretário wa bairro kapena ya mfumu yotsimikiza kumene amakhala, mapepala a munda ngati alipo, khadi la kampani ya fodya kapena thonje imene amalima nayo pa mgwirizano, mayina a ana ndi sukulu imene amaphunzira. Pepala lililonse lotere likuyankha funso limene woweruza ali nalo mumtima, loti kodi munthu uyu akatuluka adzapezeka kuti. Nyumba zambiri za m'mabairro ndi m'midzi zilibe manambala, choncho kalata ya secretário ndiyo imakhala adilesi.

Vuto lalikulu lili pa anthu ochokera ku Malawi amene amalima kapena kugwira ganyu m'minda ya Niassa opanda mapepala. Lamulo limalola limandi kwa munthu amene analowa kapena akukhala m'dziko mosatsata malamulo, ngakhale mlandu wake usakhale waukulu. Munthu wotere, ngakhale atakwatira mbali ino ndipo wakhala zaka zambiri, pempho lake limakhala lolemera kulikankha.

Amene watulutsidwa ayeneranso kusamala ndi masiku 5 aja. Alimi ambiri a m'tauni ya Lichinga ali ndi minda kutali ndipo m'dzinja amakagonera kumunda masabata. Kwa mlimi n'zachizolowezi. Kwa khoti, ngati sanadziwitse, ndi kuswa lonjezo, ndipo kungachititse kuti chikole chitayike kapena abwezedwe m'ndende. Maliro a kutsidya nawonso sapereka chilolezo okha. Ngati pali lamulo loletsa kutuluka m'dziko, chilolezo chimapemphedwa kwa woweruza, ngakhale ulendowo ukhale wa tsiku limodzi kudzera njira yachidule.

Limandi ili ndi malire a nthawi, koma anafupikitsidwa mphamvu

Ndime 64 ya Constituição imati lamulo liyenera kuika nthawi ya limandi. Munthu womangidwa amayenera kuonekera kwa woweruza pasanathe maola 48. Ndime 256 ya Código de Processo Penal imati limandi imatha ngati papita miyezi 4 oimira boma asanalembe mlandu womuimba, ndipo nthawiyo imatalikitsidwa pa milandu yoopsa monga yauchigawenga ndi ya magulu a zigawenga. Mmene bukuli linalembedwera mu 2019, munalinso malire a miyezi 14 popanda chigamulo cha khoti loyamba ndi miyezi 18 popanda chigamulo chomaliza. Kusintha kwa mu Disembala 2020 kunachotsa malire awiriwa, ndipo maloya ambiri ndi mabungwe a ufulu wa anthu anadzudzula kwambiri. Dandaulo lawo linali lomveka, ndipo likukhudza mwachindunji munthu wodikira kuzengedwanso, chifukwa iye ali m'chigawo chenicheni cha mlandu chimene malire ake anachotsedwa.

Chimene chinalowa m'malo ndi lamulo loti mlandu ukakhala pa apilo, limandi imatha ikafanana kutalika ndi chilango chimene khoti loyamba linapereka. Mlimi wa ku Lulimile uja sangasungidwe kupitirira zaka 4 podikira apilo ya chilango cha zaka 4. Ndi chitetezo ndithu, koma chochedwa kufika. Mfundo imene loya angaigwire msanga ndi yakuti njira yogwirira munthu iyenera kulingana ndi chilango chimene chingayembekezeke. Amene wakhala kale zaka 2 kapena 3 pa chilango cha zaka 4 chimene chafafanizidwa ali ndi chonena champhamvu, chifukwa ngakhale atapezekanso wolakwa, masiku onse amene wakhala m'ndende pa mlanduwo amachotseredwa pa chilango chatsopano.

Nthawi ikadutsa, kapena ngati palibe lamulo la woweruza lomusungira, pali habeas corpus. Ndime 66 ya Constituição imapereka njirayi kwa aliyense womangidwa mosatsata lamulo, ndipo khoti liyenera kuyankha pasanathe masiku 8. Si njira yotsutsira umboni kapena yopempha chifundo. Imafunsa chinthu chimodzi: kodi munthuyu akusungidwa ndi lamulo liti?

Mlandu wa Anibalzinho

Kuzenganso kotchuka kwambiri m'mbiri ya dziko lino ndi kwa Aníbal dos Santos Júnior, wodziwika kuti Anibalzinho. Mtolankhani Carlos Cardoso, mkonzi wa nyuzipepala ya Metical, anaomberedwa ku Maputo pa 22 Novembala 2000 pamene ankafufuza za kubedwa kwa ndalama ku banki ya BCM. Anibalzinho anathawa m'ndende ya chitetezo chokhwima ya ku Machava mu Seputembala 2002, mlandu usanayambe, ndipo anazengedwa iye kulibe. Pa 31 Januwale 2003 woweruza Augusto Paulino anamupatsa zaka 28 ndi miyezi 6. Anagwidwa ku South Africa n'kubwezedwa, koma mu Meyi 2004 anathawanso, ulendo uno mpaka ku Canada.

Mu Disembala 2004, Tribunal Supremo inagamula kuti popeza anazengedwa kulibe, anali ndi ufulu wozengedwanso ali pomwepo. Anthu ambiri anakwiya, poona ngati wothawa akupatsidwa mphoto. Koma ufuluwo sunamutsegulire chitseko. Atabwezedwa kuchokera ku Canada mu Januwale 2005 anadikira ali m'manja mwa apolisi, mlandu unamvedwanso kuyambira Disembala 2005, ndipo mu Januwale 2006 anapezekanso wolakwa n'kupatsidwa zaka pafupifupi 30, zoposa zoyamba zija. Mlanduwu unayenda pansi pa buku lakale la 1929, koma ukuonetsa bwino zinthu ziwiri zimene sizinasinthe: kuzengedwanso kungathe ndi chigamulo chomwecho, ndipo mbiri yothawa imamutsata munthu kukhoti. Anathawanso mu Disembala 2008, n'kugwidwa ku South Africa mu 2009.

Pali nkhani ina yofanana koma yosiyana, ya munthu amene chigamulo chake chinali chitatheratu ndipo wayamba kale kugwira ukaidi. Njira yake ndi revisão, imene imapemphedwa pakapezeka mfundo kapena umboni watsopano wokayikitsa kwambiri chigamulocho, ndipo imaloledwa ndi Tribunal Supremo. Procurador-Geral da República angathenso kupempha khoti lomweli kuti liimitse ndi kufafaniza chigamulo choonekeratu kuti n'chopanda chilungamo kapena chosemphana ndi lamulo. Kungopereka pempho sikuimitsa ukaidi. Mkaidi amapitiriza chilango mpaka khoti lalikululo litanena mwina.

Kutsidya, ku Malawi

Wogwidwa ku Chiponde kapena ku Nayuchi mbali ya Malawi amazengedwa ndi malamulo a kumeneko, m'makhoti a ku Mangochi kapena Machinga. Gawo 42 la malamulo aakulu a Malawi a 1994 limati womangidwa ali ndi ufulu wotulutsidwa, pa belo kapena popanda belo, pokhapokha chilungamo chikafuna kuti asungidwe, ndipo pali lamulo lotsogolera makhoti pa za belo la chaka cha 2000. Kusiyana kumodzi koonekera n'kwakuti ku Malawi apolisi angathe kupereka belo pa milandu ing'onoing'ono, ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere. Pa milandu yakupha ndi youkira boma, belo imapemphedwa ku High Court. Munthu akapezeka wolakwa, belo yodikirira apilo imaperekedwa pokhapokha pali zifukwa zapadera. Makhoti a kumeneko amakonda kufuna anthu omuikira kumbuyo okhala m'dzikomo ndipo odziwika bwino, zimene zimavuta kwa munthu wa ku Mozambique, mofanana ndi mmene zimavutira Mmalawi ku Lichinga. Othandiza osauka pa milandu kumeneko ndi a Legal Aid Bureau.

Malawi ili ndi chitsanzo chake cha kudikira. Mu 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni, High Court inagamula kuti kupereka chilango cha imfa mokakamiza kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha n'kosemphana ndi malamulo aakulu. Akaidi okhudzidwa anayenera kumvedwanso pa za chilango chawo, koma ntchitoyo inayamba mwamphamvu mu 2015. Zaka zonsezo ambiri anadikira ali m'ndende, ndipo atamvedwa, ochuluka anatulutsidwa chifukwa nthawi imene anakhala inali itakwana kale.

Kumene banja lingayambire

Ndime 62 ya Constituição imapereka ufulu wokhala ndi womuimira, ndipo amene alibe ndalama ya loya amathandizidwa ndi IPAJ, Instituto do Patrocínio e Assistência Jurídica, bungwe la boma lomwe linakhazikitsidwa mu 1994 ndipo lili ndi ofesi ku Lichinga ndi m'madistrito. Chofunika kunyamula popita kumeneko ndi nambala ya fayilo, número do processo, tsiku limene munthuyo anamangidwa koyamba, ndi kope la chigamulo cha khoti la apilo ngati lafika. Popanda nambala, mlembi wa kukhoti amasaka dzina m'mulu wa mafayilo, ndipo mayina a kuno amalembedwa mosiyanasiyana, lero ndi "ch", mawa ndi "tch" kapena "x". Wina akapempha ndalama yopanda guia kuti "afulumizitse" kutuluka, nkhaniyo ndi yokanena ku Procuradoria.

Ndime 64 imatinso chigamulo chosunga munthu m'ndende chiyenera kudziwitsidwa msanga kwa m'bale kapena munthu wodalirika amene womangidwayo wamutchula. N'kwanzeru kutchula munthu amene foni yake imapezeka ndipo samasinthasintha nambala.

Kuzenga kwachiwiri kumafuna mboni kachiwiri. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, ena mwa amene anaona ndewu ija amakhala atasamukira ku Cuamba, ena apita ku ganyu ya fodya, ena abwerera ku Malawi. Mboni zikapanda kupezeka, tsiku limasunthidwa, ndipo kwa amene ali pa limandi kusuntha kulikonse ndi miyezi ina m'ndende. Banja limene likudziwa kumene mboni za mbali yawo zili liyenera kupereka mayina, midzi ndi manambala a foni kwa loya tsiku lozenga lisanaikidwe, kuti makalata oitanira apite kumalo oyenera.